Siliva wa pa Tsitsi la Mdzukulu Wanga

LOLEMBA

M'mawa. Ndine agogo. Asiyatu, mwana wanga woyamba, wachira lero dzuwa lisanakwere. Mwana wamkazi. Alihamdulillah.

Kuchipatala andilola kumuona mphindi zochepa chabe. Akazi anga, Abiti Selemani, ndi amene amunyamula, ine manja kumbuyo ngati ndili pamzere wa makuponi. Zimene ndaona:

- zala khumi, ndawerenga kawiri, chilichonse ndi kachikhadabo kake
- diso limodzi lotsegula, likuyang'ana chipini cha pamphuno pa agogo ake, chija anawaveka amayi awo tsiku la ukwati wathu ndipo sanachivulepo
- tsitsi

Tsitsi limenelo ndi limene landisowetsa chonena. Lakuda bii, lonyowa, lodzaza mutu wonse mpaka m'khosi. Munthu wa maola atatu padziko, tsitsi kundiposa ine wa zaka sikisite. Analitenga kuti? Ankamupesa ndani m'menemo? Subuhanallah.

Lamulungu ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, tsiku la akika. Timapha mbuzi, mwana timamutcha dzina, timamumeta, tsitsi timaliyeza pasikelo, ndipo kulemera kwake timapereka siliva kwa munthu wosauka. Masiku ano anthu amangofunsa mtengo wa silivayo n'kupereka ndalama yapepala. Inenso ana anga onse atatu ndinatero, ndipo mpaka lero zimandinyong'onya. Chifukwa ine nditabadwa, malemu bambo anga, msodzi wosadziwa nsapato, anaika pasikelo shilingi ya siliva weniweni. Ndakula nayo nkhani imeneyi. Ndikaba mango, azakhali ankandikoka khutu n'kumati: "Iwe unayezedwa ndi siliva, usamachite zimenezo."

Masana. Ndadutsa pakhonde pa a Twaibu atelala kukawauza za mwana. Andionetsa kanema pafoni yawo. Mzungu wina, atavala magolovesi, wagula matumba a makobidi kubanki. Akuwakhuthulira patebulo, akusanthula imodzi imodzi, ndipo pakati pa wamba akutolamo zakale za siliva zimene zinasochera. Zotsalazo amakabweza kubanki. Sataya ngakhale tambala. Ndaonera kanayi.

"Kuno palibe anaganizapo zimenezi," akutero a Twaibu. "Mabanki athu ndi mphanje, khasu silinagwepo."

Ndiye kuti shilingi ngati ya bambo anga ikhoza kukhala ikugona m'thumba pa boma pomwepa, ikundidikira ine.

Madzulo. Titatha swala ya Magharibi ndalengeza kumzikiti. A Shehe akuti: "Mtengo wake ukwanira, bambo. Ndi ndalama yochepa kwambiri, musadzivute." Ine ndayankha kuti mdzukulu wanga ayezedwa ndi siliva weniweni ngati agogo ake. Amva anthu khumi ndi awiri, pamodzi ndi uja samva bwino, chifukwa ndabwereza mokweza.

Kope ili ndagula kuti ndizilembamo siliva amene ndapeza. Masamba makumi anayi. Mwina achepa.

LACHIWIRI

Ndalama yokasintha ilipo imodzi: ya mbuzi. Ndinaisunga m'chitini titagulitsa mpunga. Mkamwini wanga Yusufu ali ku chilumba cha Mbenji kosodza, abwera Loweruka, ndipo ndinamuuza kale pafoni kuti za mbuzi asaganize, zili kwa ine.

Abiti Selemani andipeza ndikutsegula chitini. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo a Asiyatu. Gulani mbuzi kaye." Ndawafotokozera modekha kuti ndalamayi sikuti ikutha, ikungosintha maonekedwe. Anyamula fulasiki ya phala ulendo wa kuchipatala.

Kubanki. Mphepo yozizira ngati ya mu Juni, pamene panja mchenga ukuwotcha mapazi. Mtsikana wa pakauntala wandifunsa katatu.

"Mwabwera kudzasiya makobidi?"

Ayi, kudzatenga.

Wakaitana bwana wake. Bwanayo watuluka, wandigwira chanza ndi manja awiri. Akuti chiyambire ntchito sanaonepo munthu wobwera kudzatenga, onse amabwera kudzataya. Ndasunga chinsinsi changa, ndangomwetulira. Mlonda wandithandiza kutulutsa. Matumba ansalu khumi ndi limodzi, m'kati mwake timatumba tapulasitiki. Ndalama imene ndinalowa nayo ili m'thumba la malaya ndatuluka nayo ikulemera kuposa thumba la chimanga. Sindinadziwe kuti mbuzi imodzi ndi chitsulo chochuluka chonchi.

Paminibasi kondakitala walipiritsa matumba mpando wawo. Ndati ndimupatse makobidi. "Madala, amenewo kagulireni adzukulu maswiti." Ndapereka yapepala imene Abiti Selemani ananditumira mafuta ophikira.

Madzulo. Asiyatu ndi mwana atuluka m'chipatala. Nyumba yadzaza azimayi, ine andisamutsira m'kanyumba kosungiramo mpunga. Zandikomera. Ndayala mphasa, ndamasula thumba loyamba, ndakhuthula.

Phokoso lake ngati mvula yoyamba pamalata.

Ndakhala pansi kaye osagwira kanthu. Wani kwacha ili ndi nkhwazi, faifi kwacha kakowa, teni kwacha njovu. Zaka zonsezi ndimazikana pagolosale osaziyang'ana. Nkhwaziyo ili ndi nthenga, imodzi imodzi, zoti ukhoza kuziwerenga. Alipo munthu kwinakwake anakhala pansi n'kujambula nthenga pa ndalama yosagula ngakhale machesi. Anthu amawatcha masiliva makobidi amenewa, koma ndi dzina chabe.

A Twaibu akuti siliva weniweni sagwidwa ndi maginito. Maginito ndawapeza kuseri kwa sipika ya wailesi ya Abiti Selemani. Ndidzabwezeretsa.

Ndadutsitsa maginito pamwamba pa mulu. Makobidi alumpha okha! Alendewera ngati ndevu. Palibe chingwe, palibe ulimbo, chitsulo chikungomvera chinzake. Ndachita zimenezi mpaka kuitana kwa swala.

Siliva: palibe. Koma ndi thumba limodzi chabe, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

LACHITATU

Ndayamba nditangochoka ku swala ya m'bandakucha. Njira yake ndaidziwa tsopano: kukhuthula, kuyala, kudutsitsa maginito, kuona zotsala pamphasa. Zogwidwa kumanzere, zokana kumanja.

Zokana maginito mpaka pano:

- batani la jekete
- ndalama ya ku Mozambique
- ina ya ku Joni, yopindika ngati inapondedwa ndi sitima
- kachitsulo kachikasu kabowo pakati, mwina ka pampopi
- ina ya zilembo za Chiarabu, ili ndi chithunzi cha ketulo

Ya ketuloyo ndakhala nayo m'manja nthawi yaitali. Inawoloka nyanja yamchere m'thumba la munthu, inakwera ndege, inakwera basi, wina anapusitsa nayo wogulitsa mandasi, n'kudzagona pamphasa panga pafupi ndi matumba a mpunga wa ku Lifuwu. Ine mwini sindinapitirirepo Blantyre.

Manja ada bii. Makobidi ali ndi fungo, aliyense lake: ili la usipa, ili la palafini, lina la fodya wamphuno, lina la sopo. Iliyonse yadutsa m'manja angati? Ena mwa eni manjawo anatisiya kale. Ndikumva ngati ndagwirana chanza ndi dziko lonse m'mawa umodzi, ndipo ndachita mantha pang'ono.

Popuma ndayesa maginito pa zinthu za pakhomo. Masupuni agwidwa. Loko wagwidwa. Poto wakana, koma a Twaibu akuti poto ndi poto. Nditalowera kukhitchini Abiti Selemani andiimitsa ndi mthiko. "Mukandiyandikira nacho chinthu chimenecho, muona. Ndipo wailesi yanga yasiya bwanji kulankhula? Mauthenga a maliro ndiwamvera kuti?" Ndati mwina mabatire.

Masana. Thumba lachisanu.

Apa ndilemba pang'onopang'ono.

Maginito atanyamula zonse, yatsala imodzi pamphasa. Yaikulu, yoyera, yolemera. Njovu ndi kamwana kake. Chaka chake 1964. Fulorini, imene makolo ankati mashilingi awiri. Ndabweretsa maginito pafupi, yangokhala phee. Ndaigwetsa pasimenti: ngwiii, kulira kotalika, osati kuphu kwa zinazi. Ndaigwetsa kasanu ndi kawiri mpaka azimayi atumiza mawu kuti mwana akugona.

A Twaibu atseka makina abwera chothamanga. Akuti mayeso omaliza ndi ayezi, chifukwa siliva amasungunula ayezi msanga. Tapempha kachidutswa kwa ogula nsomba kudoko, tathamanga nako m'kapu. Taika pa fulorini. Kasungunuka tikuona ndi maso athu. A Twaibu avula chisoti.

Ku swala ya Alasiri ndapita nayo. Yayenda m'manja mwa aliyense, wina mpaka waiika pachipumi. A Shehe aitembenuza uku ndi uku. "Mashallah. Mwafunsa kwa odziwa?" Ndati ayezi wayankha kale.

Njovu ndi mwana wake, ine ndi mdzukulu wanga. Zinthu zina sizichitika mwangozi.

Siliva: mmodzi!

LACHINAYI

Ndabwereranso pa boma kuti a Mussa, mmisiri wa mphete amene amakhala kuseri kwa msika, andipukutire fulorini iwale bwino Lamulungu. Ndaikulunga m'kansalu katsopano. Paminibasi ponse dzanja lili pathumba.

A Mussa ndi munthu wa mawu ochepa ndi tulo tambiri. Sanadzuke n'komwe pampando. Aikhula pa kamwala kakuda, aipala pang'ono m'mphepete, atenga kabotolo kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso, adonthezapo dontho limodzi. Dontholo lachita thovu, lasanduka lobiriwira ngati ndere.

"Kopa wosakaniza. Siliva mulibe."

Ndati yakana maginito. Akuti nthochi nayonso imakana maginito. Ndati yasungunula ayezi. Akuti kuno ku Salima ayezi amasungunuka ngakhale pachipande.

Akuti siliva anatha m'makobidi Chitaganya chisanayambe. Amene anatsala m'manja mwa anthu anasungunulidwa kalekale, ndi bambo awo ndi agogo awo, pa moto womwewu: mphete, ndolo, zipini. Kubanki kulibe, ndipo sikudzakhalanso. Ndafunsa ngati iwo angandigulitseko kachidutswa. Alibe. Amaitanitsa ku Lilongwe munthu akalipiriratu, amafika pakatha milungu iwiri. "Ndipo ndimalandira zapepala," awonjezera, akuyang'ana manja anga akudawa.

Safunsa anadya phula. Munthu ameneyu wakhala kuseri kwa msika zaka zonsezi, Lachiwiri ndinadutsa pafupi ndi khomo lake ndi matumba khumi ndi limodzi.

Chondidabwitsa, ngakhale mtima ukuwawa, ndi kabotolo kaja. Madzi oyera ngati a pachitsime, koma sadziwa kunyengerera munthu. Sanaone imvi zanga, sanaone kansalu katsopano. Dontho limodzi, chilungamo poyera. Ndaganiza za tsiku lachiweruzo ndili chiimire pakati pa ogulitsa makala.

Pa fulorini patsala banga lobiriwira, pamwendo pa kamwana ka njovu.

Sindinauze munthu. A Twaibu andikuwira ndikudutsa: "Yawala?" Ndakweza dzanja n'kupitirira.

Nkhani ina. Ndinatumiza mawu kwa a Nkhoma a ku Maganga, eni mbuzi, kuti ndidzalipira ndi makobidi. Yankho lafika: "Mbuzi yanga siigulidwa ndi misomali."

Matumba atsala asanu ndi limodzi. A Mussa si Mulungu, sangadziwe za m'thumba lililonse. Ndamaliza limodzi dzuwa lisanalowe. Batani linanso.

Siliva: ndafufuta za dzulo.

LACHISANU

Swala ya Juma. Mzikiti wodzaza mpaka panja. Itatha swala a Shehe aitanira anthu onse ku akika ya kwathu. Basi akanathera pomwepo. Koma a Twaibu aimirira kumbuyo: "Ndipo kukakhala siliva weniweni, tamuyesa ndi ayezi!" Anthu atembenukira kwa ine, akugwedeza mitu mwaulemu. Ndagwedeza mutu nanenso.

Mbiri yamveka mokhota. Akuti ndikugula ndalama zakale. Pobwera kunyumba ndapeza anthu anayi akundidikira pansi pa mtengo wa mango:

- mayi wina ndi matambala odzaza botolo
- bambo wina ndi khobidi labowo, akuti limakoka mpunga likaikidwa pafupi
- wina ndi mendulo ya mpira
- wina alibe kanthu, wangobwera kudzandiona

Matumba atatu lero. Msana ukuwawa, maso akuona njovu ngakhale pakhoma.

Cha m'ma folo koloko chitseko cha kanyumba chatseguka. Abiti Selemani, mwana ali m'manja. "Masiku asanu munthuyu sakuwadziwa agogo ake. Kasambeni m'manja." Ndasamba. Andibweza. Ndasambanso ndi phulusa. Andibwezanso. Kachitatu ndiye andipatsa.

Sindinakonzekere. Mlungu wonse ndakhala ndikunyamula matumba, ndiye manja anakunga kudikira cholemera. Mwanayu sakufika ngakhale thumba limodzi. Koma ndi wofunda, akupuma, kachifuwa kakukwera n'kutsika. Wayasamula, ndaona lilime lake. Lilime lathunthu, lokonzeka kale kudzanena mawu amene ine sindidzakhalapo kuti ndiwamve.

Tsitsi lija lauma, layoyoka, silikuonekanso lambiri ngati Lolemba. Ndalipuzira mpweya pang'ono, lagwedezeka lonse.

Abiti Selemani ayang'ana milu ya makobidi, ayang'ana ine. "Muja mwabwerera ku boma simunaimbeko nyimbo," atero. Atenga mwana, atuluka.

Siliva: palibe. Ndikuchita manyazi, ndilembe poyera.

LOWERUKA

Matumba awiri omaliza ndatha dzuwa lisanatenthe. Khobidi lomaliza ndi wani kwacha wamba. Lalumphira ku maginito mosangalala ngati anzake onse.

Zatha. Banki yonse ya pa boma ndaisefa, mulibe.

Mbuzi. Akazi a a Nkhoma awakalipira amuna awo kuti ndalama ndi ndalama, ndiye alola, koma akuti tiwerenge pamaso pawo. Ndakankha njinga mpaka ku Maganga, kaliyala wapindika. Tayala chiguduli pabwalo, timilu ta khumi khumi. A Nkhoma sakhulupirira kuwerenga kwanga, ine sindikhulupirira kwawo. Titafika pakati, tambala wothamangitsa thadzi wadutsa pachiguduli pomwepo. Tayambiranso. Swala ya masana ndapemphera kuseri kwa khola lawo, iwo akundilondera makobidi.

Pomaliza yaperewera pang'ono, chifukwa cha mabatani awiri, ya ketulo ija ndi anzake. Ndalonjeza mbale ziwiri za mpunga ndipo ndatumiza kale. Mbuzi ndabwera nayo. Njira yonse imandiyang'ana ngati ikudziwa kuti inagulidwa bwanji.

Yusufu wafika kuchokera ku Mbenji ndi chambo chowamba. Asanalowe n'komwe kukaona mwana wake, wagwada patsogolo panga. "Bambo, tamva kuchilumba. Anzanga onse akuti mwana wanga ndi wamwayi." Nkhani yawoloka madzi pa boti. Ndamudzutsa msanga kuti asandione nkhope.

Madzulo. Ndaganiza, ndipo ndikulemba kuti ndione mmene zikuonekera papepala. Mawa ndiika fulorini pasikelo, banga lobiriwira liyang'ane pansi. Akudziwa ndi a Mussa okha, ndipo iwo ali pa boma, ali m'tulo. Mwana sadziwa. Anthu adya mbuzi, apita.

Wolandira sadakayi ndi Abiti Juma, mayi wamasiye uja amatola nkhuni kumbuyo kwa mzikiti. Iwo akadzapita nayo kwa a Mussa kukagulitsa... Izo ndi za tsiku lina.

Ndakhala kuseri kwa kanyumba ndikuikwecha ndi mandimu ndi phulusa. Banga likuchepa koma silikutha. Sindinamve mapazi. Abiti Selemani aima ndi ndowa pamutu.

"Siliva amafuna kukwechedwa chonchi?"

Ndati ndi wakale kwambiri. Apita kukathira madzi mumtsuko.

Papepala zikuoneka zoipa kuposa m'mutu.

LAMULUNGU

Anthu abwera ambiri kuposa mbuzi. Ena aima panja pa mpanda. Pakhonde tayala mkeka: a Shehe, Yusufu, ine, ndi Abiti Selemani atanyamula mwana. Abiti Juma akhala pansi chapafupi, avala nsalu yawo yabwino.

Yusufu watchula dzina. Halima. Ndi dzina la agogo a mwanayu, Abiti Selemani, limene ine ndinasiya kuliitana Asiyatu atangobadwa. Ndalimva ngati lachilendo.

A Shehe amumeta ndi lezala latsopano, pang'onopang'ono, akunena duwa, pemphero lathu, chapansipansi. Mwana sanalire. Tsitsi lonse lija, limene linandisowetsa chonena Lolemba, lakwana pakati pa chikhatho chawo, ndipo aliphimba ndi dzanja lina kuti mphepo ya kunyanja isalitenge.

Ine ndinakonzeratu sikelo yanga ya mpunga, ndinaipukuta dzulo. Aikapo tsitsi. Muvi sunagwedezeke n'komwe. Anthu aseka. A Shehe atulutsa yawo m'thumba la mkanjo: kabango kotalika ngati chala, ulusi pakati, ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo zolendewera uku ndi uku. Tsitsi aika m'chimodzi. Chatsika pang'ono chabe. China chili chopanda kanthu, chikundidikira.

Matumba khumi ndi limodzi, msana, kaliyala, wailesi. Zonsezo chifukwa cha kulemera kumeneku.

Ndatulutsa fulorini. Yawala ndithu, anthu ang'ung'udza mokondwa. Siikanakwana n'komwe m'chitsekerero. Ndawerama kuti ndiike, banga pansi, ndipo maso anga agwera pamutu wometedwawo. Pakati pake liwombo likugunda. Khungu lopyapyala, pansi pake moyo ukuoneka ndi maso, phe, phe, phe, wopanda fupa louteteza. Ndakumbukira azakhali akundikoka khutu. Tsiku lina wina adzamuuza mwanayu kuti iwe unayezedwa ndi siliva, ndipo iye adzakhulupirira ngati mmene ine ndinakhulupirira.

Dzanja lakana.

"A Shehe, ndalama iyi si ya siliva. Ndinakaiyesetsa Lachinayi. Siliva sindinamupeze."

Ndimamva mafuta akuthetheka kukhitchini. A Twaibu akuwerenga zala za kumapazi kwawo. Yusufu wayang'ana kumbali, kundichitira ulemu, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa kusekedwa. A Shehe ayamba mofatsa: "Palibe kanthu, bambo, tinanena kale kuti mtengo wake..."

Abiti Selemani apereka mwana kwa Asiyatu. Atembenukira kukhoma, manja onse awiri pamphuno. Zatenga nthawi. Chinthu chokhala pamalo amodzi zaka makumi atatu ndi zisanu sichichoka msanga. Atatembenuka, diso lamanzere likutuluka msozi, sindikudziwa ngati ndi ululu chabe. Atambasula dzanja pamwamba pa chitsekerero.

Kete.

Chipini. "Inali tiki, kandalama ka siliva ka agogo anga," atero, osakweza mawu. "Amayi anakasulitsa kwa bambo awo a a Mussa."

Kabango kagwedezeka, kapendekera uku, kapendekera uko, kenako kaima. Mbali ya chipini yatsika pang'ono kuposa ya tsitsi, pang'ono penipeni. A Shehe ayang'ana nthawi yaitali. "Wakwana, ndipo wapitirira." Achichotsa, achiika m'manja mwa Abiti Juma, iwo alandira ndi manja awiri n'kumanga pangodya ya nsalu.

Azimayi alulutira. Mbuzi yadyedwa yonse. A Twaibu adya mbale ziwiri, ndipo potsanzika andinong'oneza kuti aona kanema wina wa miyala ya m'mitsinje.

Anthu atachepa ndawatengera a Shehe pambali. Ndafunsa ngati ndingapite kwa Abiti Juma mawa ndi thumba la mpunga, andibwezere chipinicho. Apukusa mutu. "Sadaka ikachoka pakhomo, eni ake saigulanso. Isiyeni ipite."

Madzulo. Maginito ndabwezera m'wailesi. Ikulankhula, koma ngati munthu wachimfine. Fulorini, mabatani ndi ya ketulo ndaika m'chitini cha mbuzi. M'kope muno mwatsala masamba makumi atatu opanda kanthu.

Mlungu wonse ndayesa masupuni, loko, poto, ndi makobidi a dziko lonse. Nkhope imene ndadya nayo mbale imodzi zaka makumi atatu ndi zisanu sindinaiyang'ane.

Ndaiyang'ana tsopano. Akutsuka mbale kuseri kwa nyumba, ndipo akuoneka ngati munthu wina, ngati nyumba imene achotsapo chitseko. Pamene panali chipini alowetsapo kachidutswa ka udzu wa tsache. Ndafunsa kuti kaudzuko n'kachiyani.

"Kuti bowo lisatsekeke," atero, osasiya kutsuka. "Mwina siliva uja mudzamupeza."

Sanaseke. Ndatenga nsalu, ndakhala pambali pawo, ndayamba kupukuta mbale.

Siliva amene ndapeza: palibe.